Kompyuta ikamazima yokha mutaithamangitsa: kasinthidwe ka SoC, VDDG ndi VDDP pa Ryzen 5000

Kompyuta yanga yokonzera mavidiyo a maukwati inali ndi matenda odabwitsa. Ndikaipatsa ntchito yolemetsa, monga kutulutsa vidiyo ya maola awiri, inkapirira mpaka kumapeto osadandaula. Koma ndikangoisiya kuti ndikatereke madzi a tiyi, pobwerako ndinkapeza yazima n'kuyakanso yokha, ili phee kudikira pasiwedi ngati palibe chachitika. Tsiku lina nyimbo zinkathetheka m'masipika ngati wailesi yosagwira bwino siteshoni, tsiku lina mausi ndi kiyibodi zinkafa kwa masekondi angapo n'kudzukanso. Mwezi wathunthu ndinkanamizira Windows, mpaka kuichotsa n'kuikamo yatsopano. Chonsecho mlandu unali wa timanambala titatu mu BIOS, tsamba la zoikika za bodi limene mumalowamo Windows isanayake, timene ndinali ndisanatiyang'anepo.

Malangizo awa ndi a makina ofanana ndi angawo: purosesa ya Ryzen 5000 monga 5600X, 5800X kapena 5900X, bodi ya B550 kapena X570, ndi RAM ya DDR4 yothamanga pa 3600 kapena kupitirira. Ambiri mwa malangizowa amagwiranso pa Ryzen 3000. Amene muli ndi 5600G, 5700G kapena Ryzen 5 5500 dziwani kuti mkati mwake anazipanga mosiyana, choncho za VDDG zimene ndinene kutsogoloku si zanu.

Dziwani kaye chimene mukusintha

Mukavundukula chitsulo chapamwamba pa 5600X mupezamo tchipisi tiwiri. Kamodzi, kotchedwa CCD, ndi kamene kali ndi ma core, tizigawo timene timagwira ntchito yeniyeni yowerengera, ndipo anakapanga a TSMC pa 7nm. Kenako ndi IO die, kopangidwa ndi GlobalFoundries pa 12nm, ndipo m'menemo ndi mmene mumakhala memory controller, kapitawo amene amalankhula ndi RAM. Tiwiriti timalumikizana kudzera pa msewu wotchedwa Infinity Fabric. Choncho pali maliwiro atatu: MCLK wa RAM, UCLK wa memory controller, ndi FCLK wa msewuwo. Makina amayenda bwino atatuwa akafanana. RAM yolembedwa kuti 3600 kwenikweni imathamanga pa 1800MHz, chifukwa DDR imatumiza uthenga kawiri pa kugunda kulikonse, ndiye FCLK nayo iyenera kukhala 1800. Pa 3800, FCLK ikhale 1900.

Chimene ogulitsa sakonda kunena n'chakuti AMD inalonjeza DDR4-3200 basi pa mapurosesa amenewa. Mukangoyatsa XMP ya 3600, choikika cha mu BIOS chothamangitsa RAM pa liwiro lolembedwa pa bokosi lake, chimene ASUS amachitcha DOCP ndipo MSI amati A-XMP, mwachita kale overclock, kutanthauza kuthamangitsa kuposa liwiro lolonjezedwa, pa memory controller, ngakhale simunakhudze china chilichonse. Purosesa zambiri zimakwanitsa 1800 popanda vuto. Pa 1900 ndiye pamayamba kusankhana, ina imalola ina imakana, ngakhale zonse zili za dzina limodzi ndipo zinatuluka m'fakitale imodzi.

Mavolteji amene tikhale tikugwira ndi awa. SoC ndiye chitsime, amadyetsa IO die yonse. VDDG alipo awiri, wa CCD ndi wa IOD, ndiye kuti IO die ija, ndipo amadyetsa mbali ziwiri za Infinity Fabric. VDDP amadyetsa kachigawo kamene kamatumiza ndi kulandira masiginolo a RAM. VDDG ndi VDDP satunga kwina ayi, amatunga pa SoC pomwepo, ndipo mfundo imeneyi ibweranso kutsogoloku chifukwa ndi imene inandigwetsa ine. Volteji ya RAM yeniyeniyo, DRAM Voltage, ndi nkhani ina: imachokera pa bodi kupita ku zidutswa za RAM, 1.20V mwa chikhalire ndi 1.35V pa ma XMP ambiri.

Mavolteji awa ali ngati mchere m'ndiwo. Ukachepa ndiwo zimazizira, koma munthu sanganene kuti poti supuni imodzi yakometsa ndiye zitatu zikometsa koposa. Pa ma core a purosesa, kuwonjezera volteji nthawi zambiri kumakhazikitsa makina, kungoti amatentha. Pa VDDG ndi VDDP sizili choncho. Pali kadera kochepa kamene purosesa yanu imakondwa nako, ndipo mukakapitirira zolakwika zimabwerera, mwinanso kuchuluka kuposa poyamba. Ntchito yonse ndi kusaka kaderako.

Sitepe 1: konzekerani kugwa

Mugwa ndithu, kangapo konse. Kompyuta idzakana kuyaka, mafani akuzungulira koma sikirini ili bii, kanyali ka DRAM pa bodi kali psuu. Musanayambe, tsegulani chitseko cha m'mbali n'kupeza pofufutira CMOS, pamene pamabwezera zoikika za BIOS kukhala za fakitale. Pa mabodi ena ndi batani kumbuyo, pa ena ndi timapini tiwiri tolembedwa kuti CLRTC, JBAT1 kapena CLR_CMOS timene mumagunditsa ndi sikuludiraiva kwa masekondi ngati 10, chingwe cha magetsi mutazula kukhoma. Zikavuta, chotsani kabatire kozungulira ka CR2032 kwa mphindi zingapo. Kabatireka kawirikawiri kamabisala kunsi kwa khadi ya magirafiki, ndiye ndi bwino kudziwiratu.

Koperani mafayilo anu ofunika pa diski ina n'kuizula. RAM yosakhazikika siingozimitsa kompyuta, imathanso kulemba zolakwika m'mafayilo mwakachetechete, inu n'kudzazindikira patapita miyezi pamene zithunzi za kasitomala zikukana kutseguka.

Tengani kope ndi cholembera. Ndikunena kope lenileni la pepala, chifukwa zolemba za m'kompyuta simungaziwerenge kompyutayo ikakana kuyaka. Jambulani mizere: FCLK, SoC, VDDG CCD, VDDG IOD, VDDP, DRAM, kenako danga lalikulu lolemba zimene zachitika.

Ngati kwanuko magetsi amathimathima, UPS, batire yosunga kompyuta yoyaka magetsi akathima, ikufunika. Kompyuta ikazima pakati pa mayeso a usiku, m'mawa simungadziwe ngati yagwa yokha kapena magetsi anaphethira.

Sitepe 2: BIOS ndi malo a RAM

Onani BIOS imene muli nayo. Chaka cha 2021 AMD inatulutsa AGESA 1.2.0.2, gawo la BIOS limene imapatsa opanga mabodi, pothana ndi vuto la ma USB odukaduka pa mabodi a B550 ndi X570, ndiye ngati yanu ndi yakale kuposa pamenepo mungataye sabata mukusaka volteji ya matenda amene mankhwala ake ndi BIOS yatsopano. Ikani yatsopanoyo makina ali pa zoikika za fakitale, ali pa UPS, ndipo musakhudze kanthu mpaka atamaliza.

Kenako suzumirani pa bodi. Ngati zidutswa za RAM zili ziwiri ndipo mipata ilipo inayi, zikhale mu A2 ndi B2, kutanthauza mpata wachiwiri ndi wachinayi kuwerenga kuchokera pa purosesa. Ndaonapo makina ogulidwa omangamanga kale RAM ili mu mpata woyamba ndi wachitatu, mwini wake akudabwa kuti bwanji 3600 ikukana. Palibe volteji imene ingakonze zimenezo.

Sitepe 3: vulani purosesa zonse zimene munaiveka

Zimitsani PBO, imene imalola purosesa kupitirira malire ake a magetsi, bwezerani Curve Optimizer, imene imasintha volteji ya ma core, pa ziro, chotsani liwiro lililonse limene munaika pamanja pa ma core. Ndikudziwa kuti zimawawa, makamaka ngati munatha masiku mukuzisaka. Zilembeni m'kope, mudzazibwezera. Vuto ndi lakuti Curve Optimizer yotsitsidwa kwambiri imazimitsa kompyuta ikakhala chete, chimodzimodzi ndi Infinity Fabric yosakhazikika. Mukasiya zonse ziwiri zili zoyatsa simudzadziwa wakuba ndani.

Sitepe 4: werengani zimene Auto yakuikirani

Yatsani XMP, ikani FCLK pamanja kuti ifanane ndi theka la liwiro la RAM, mavolteji onse asiyeni pa Auto, lowani mu Windows. Mufunika mapulogalamu awiri aulere. ZenTimings imaonetsa pa tsamba limodzi MCLK, FCLK, UCLK, SoC, VDDG onse awiri ndi VDDP. HWiNFO64 imaonetsa zimene zikuchitika nthawi yomweyo. M'menemo funani mzere wa SoC Voltage wolembedwa SVI2 TFN, chifukwa umenewo ndi umene purosesa ikulandiradi, osati umene munalemba mu BIOS. Pansi penipeni pa mndandanda wa masensa pali mzere wowerenga zolakwika za WHEA, zimene Windows imalemba zipangizo za m'kompyuta zikalakwitsa. Muzolowerane nawo.

Mawu akuti Auto asakupusitseni kuti ndi otetezeka. Opanga mabodi amafuna kuti kompyuta iyake ndi RAM iliyonse kuti anthu asabweze katundu, ndiye ena amathira volteji mowolowa manja. Pa yanga, nditaika FCLK pa 1900, ndinapeza SoC ili pa 1.10V ndipo VDDG onse awiri akupemphedwa pafupifupi nambala yomweyo. Apa m'pamene pali msampha uja. Popeza VDDG amatunga pa SoC, sangafanane naye, ayenera kukhala pansi pake ndi 0.04V kapena 0.05V, apo ayi kachipangizo kotsitsa voltejiyo kamasowa pogwira. Onjezani kuti SoC imatsikako pang'ono makina akalemedwa. 1.10V ya mu BIOS inkaoneka ngati 1.08V mu HWiNFO, ndiye VDDG yanga inkangoyendera mphepo.

Lembani zonse zimene mwaona. Mzere woyamba wa m'kope ndi umenewu.

Sitepe 5: pezani wodwala, RAM kapena msewu

Sitepe iyi anthu ambiri amaidumpha, n'chifukwa chake amazungulira malo amodzi. Zizindikiro zimathandiza. Ngati TestMem5 kapena MemTest86, mapulogalamu oyesera RAM, ikutulutsa zolakwika, kapena masewera akungotsekeka okha, ganizirani RAM, ma timing ake (manambala a nthawi imene RAM imadikira pa ntchito iliyonse), DRAM Voltage, mwinanso VDDP. Ngati mayeso a RAM akudutsa bwinobwino koma mawu akuthetheka, USB ikudukaduka, kompyuta ikuzima ili chete, ganizirani Infinity Fabric, ndiye kuti SoC ndi VDDG.

Umboni wamphamvu uli mu Event Viewer, kaundula wa Windows wa zimene zachitika m'kompyuta. Tsegulani Windows Logs, kenako System, sefani kuti muone za WHEA-Logger zokha. Event ID 19 yonena za Bus/Interconnect ndi chizindikiro chodziwika cha FCLK imene yapitirira mphamvu zake pa Ryzen 5000. Ndi zolakwika zimene purosesa inazigwira n'kuzikonza, choncho kompyuta imatha kupitiriza kuyenda zili mazanamazana, koma kukonzako kumadya nthawi ndipo tsiku lina chidzabwera chimene sichikonzeka. Event ID 18 yonena za Cache Hierarchy nthawi zambiri imaloza ku ma core. Kernel-Power 41 isakutayitseni nthawi, imangonena kuti kompyuta inazima mosatsanzika, zimene mukuzidziwa kale.

Kuti mutsimikize, alekanitseni. Siyani FCLK pamene mukuifuna, tinene 1900, koma RAM muitsitse pa 3200 kapena pansi. Mavuto akapitirira, RAM ilibe mlandu. Kenako tembenuzani: RAM pa 3800, FCLK pa 1600. Makina ayenda mwaulesi pang'ono chifukwa maliwiro asiyana, koma pano sitikusaka liwiro. Zolakwika zikaoneka apa ndiye kuti nkhani ili pa RAM kapena pa memory controller, ndipo kukankha VDDG n'kungotaya nthawi.

Sitepe 6: SoC

Musanalembe nambala, dziwani kuti pa mabodi ambiri a AM4, soketi ya mapurosesa amenewa, zoikika izi zimapezeka malo awiri, pa tsamba la opanga bodi monga Ai Tweaker, OC kapena Tweaker, komanso mkati mwa AMD Overclocking. Sankhani malo amodzi, kwinako kusiyeni pa Auto. Mukalemba konsekonse manambala osiyana, simungadziwe kuti yapambana ndi iti mpaka mutaona mu ZenTimings. Chenjeraninso ndi kalembedwe: malo ena amafuna ma volt, 0.950, ena amafuna ma millivolt, 950. Werengani kawiri musanadine Enter. Ngati pali SoC/Uncore OC Mode, iyatseni kuti FCLK isamatsike ndi kukwera yokha pamene mukuyesa.

Ikani SoC pamanja pa 1.10V. Pa FCLK 1800 purosesa zambiri zimakhutira ndi 1.05V mpaka 1.10V. Pa 1900, kapena ngati muli ndi zidutswa zinayi za RAM, mwina mungafunike 1.125V kapena 1.15V. Malire amene anthu odziwa za AM4 amagwirizana ndi 1.20V pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, ndipo ine sindifikako n'komwe. Purosesa imene ikufuna 1.20V kuti igwire 1900 ikukuuzani kuti 1900 si yake. Kumbukiraninso kuti magetsi amene SoC ikudya amachotsedwa pa thumba limodzi ndi ma core. 5600X ili ndi malire a 76W basi, ndiye watt iliyonse yopita ku IO die ndi watt imene ma core alandidwa.

Lowani mu Windows, yatsani HWiNFO, thamangitsani Prime95, pulogalamu yolemetsa purosesa, pa Large FFTs kwa mphindi 15 mukuyang'ana SVI2 TFN. Ikamatsika kwambiri kuchoka pa nambala imene munaika, kwezani SoC Load-Line Calibration, choikika cha mu BIOS chochepetsa kutsikako, ndi sitepe imodzi, osati kuifikitsa kumapeto. Nambala yotsikitsitsa imene mwaona ilembeni, chifukwa ndi imene ikhale denga la VDDG.

Sitepe 7: VDDG, pamene pamafunika kuleza mtima

Poyambira pabwino ndi VDDG CCD 0.95V ndi VDDG IOD 1.00V, VDDP itakhala kaye pa 0.90V. Mabodi ena akale amaonetsa VDDG mmodzi yekha, zikatero yambani pa 0.95V kapena 1.00V.

Tsopano lamulo limene silisweka: sinthani chinthu chimodzi, yesani, lembani, kenako sinthani china. Mtima umafuna kukweza zonse zitatu nthawi imodzi kuti zithe msanga. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Mukasintha zitatu zinthu n'kukhala bwino, simudziwa kuti chathandiza n'chiti, ndipo mwina chimodzi mwa izo chikuwononga koma zinzakezo zikuchibisa.

Yambani ndi IOD. Mayeso afupi ndi awa: tsegulani y-cruncher, pulogalamu ya Alexander Yee yowerengera manambala a pi, sankhani mayeso ake olemetsa makina, muisiye mphindi 20 kapena 30 mukuwerenga WHEA mu HWiNFO. Ine ndimayatsanso nyimbo yaphee chapansipansi, chifukwa khutu limamva kuthetheka nambala isanasinthe. Lembani kuti zolakwika zatuluka zingati pa mphindi zingati. Bwererani mu BIOS, kwezani IOD ndi 0.02V kapena 0.025V, bwerezani mayeso omwewo kwa nthawi yomweyo. Pitirizani mpaka cha m'ma 1.05V kapena 1.06V, osaiwala kuti ikhale pansi pa SoC yeniyeni ndi 0.05V. Ngati danga latha, kwezani SoC kaye.

Chimene mukusaka m'kope mwanu ndi chigwa. Zolakwika zizichepa, zichepe, kenako ziyambenso kukwera. Pamene zinali zochepetsetsa ndi pamene mubwerere. Zikamangochulukira chiyambireni, ndiye kuti mumayenera kutsika, yesani 0.98V, 0.95V.

Mukapeza IOD, isiyeni, gwirani CCD mwa njira yomweyo, koma pano yesani kutsika poyamba: 0.93V, 0.90V. Purosesa zambiri za Ryzen 5000 sizikonda CCD yokwera, ndipo kuthetheka kwa mawu kumatha ikatsitsidwa. Ya ine inasiya kuthetheka nditangochotsa CCD pamene Auto inaiika n'kuibweretsa pa 0.95V. Ndinakhala kaye duu ndikumvetsera nyimbo yonse mpaka kutha, osakhulupirira kuti mwezi wonse uja ndinkavutika ndi volteji yochuluka pamene ine ndinkaganiza zowonjezera.

Yang'aniraninso liwiro. y-cruncher imaonetsa kuchuluka kwa ntchito imene ikugwira. Zimatheka kuti zolakwika sizikuoneka koma makina akuchedwa kuposa mmene ankachitira pa FCLK yotsika, chifukwa msewu ukungobwereza mauthenga amene anafika opunduka. FCLK 1900 yochedwa kuposa 1866 ilibe phindu, ndi nambala yongodzitamira nayo.

Ndi mmenenso zinathera kwa ine. Ndi SoC 1.125V, IOD 1.05V ndi CCD 0.95V, zolakwika za WHEA zinatsika kwambiri pa 1900 koma sizinafike pa ziro, zinkadontha imodziimodzi. Ndinayesa uku ndi uku mausiku atatu, kenako ndinavomera, n'kutsika pa RAM 3733 ndi FCLK 1866. Ziro. Potulutsa vidiyo sindinathe kusiyanitsa n'komwe. Manambala angawa musawakopere ngati mankhwala, ndi a purosesa yanga, yanu ili ndi khalidwe lake.

Sitepe 8: VDDP ndi kukana kuyaka

VDDP ndi yofulumira. 0.90V imakwanira makina ambiri pa 3600 mpaka 3800. Muikhudze ngati kompyuta ikukana kuyaka pa liwiro lina la RAM pamene pa lotsika ndi lokwera pang'ono ikuyaka, kapena ngati ikuyaka n'kuzima kawiri katatu isanaonetse chithunzi. Yesani 0.85V, 0.88V, 0.93V, 0.95V. Kupitirira 1.00V sikuthandiza kawirikawiri.

VDDP ikalephera, yang'anani ProcODT, imene si volteji koma imagwirizana ndi nkhani yomweyi ya masiginolo. Pa Ryzen 5000 anthu ambiri amapeza mtendere pakati pa 28 ndi 40 ohm. Gear Down Mode isiyeni yoyatsa mpaka zonse zitakhazikika.

Ngati TestMem5 ikupezabe zolakwika, kwezani DRAM Voltage pang'ono, 1.37V kapena 1.38V, koma dziwani kaye tchipisi timene tili pa RAM yanu. Samsung B-die imakondwa ndi volteji yokwererapo, pamene Samsung C-die imadziwika kuti imayamba kuvuta ikapitirira 1.35V. Dzina la pa bokosi silikuuzani zimenezi, chifukwa kampani imodzi imatha kugulitsa RAM ya dzina limodzi ndi tchipisi tosiyana.

Sitepe 9: mayeso aatali

Mphindi 30 zimangokuuzani kuti nambala ndi yoipa, sizingakuuzeni kuti ndi yabwino. Mukapeza manambala amene akuoneka aukhondo, apatseni mayeso osiyanasiyana, chifukwa pulogalamu iliyonse imaluma pake. TestMem5 ndi config ya anta777 Extreme imalize maulendo ake onse atatu popanda cholakwika ngakhale chimodzi. Cholakwika chimodzi ndi kulephera, palibe zoti chinali chimodzi chokha. Kenako y-cruncher maola awiri, kenako Prime95 Large FFTs kapena OCCT usiku wonse. M'mawa uliwonse tsegulani Event Viewer.

Pali mayeso atatu amene mapulogalamuwa sangakuchitireni. Oyamba ndi a kutentha. TestMem5 imayenda khadi ya magirafiki ili yozizira, koma mukamasewera kapena kutulutsa vidiyo, khadiyo imapumira mpweya wotentha pa RAM pomwepo. Choncho yesani RAM uku khadi ikugwira ntchito yolemetsa, chitseko cha m'mbali chili chotseka monga mwa masiku onse. RAM ina imayamba kulakwitsa ikapitirira madigiri 50, makamaka ngati munafinya tRFC, imodzi mwa ma timing a RAM. Kafani kamodzi kopemerera pa RAM nthawi zina kamachita zimene volteji yalephera. Ndipo makina amene mwawakhazika mu Juni kukuzizira muwayesenso mu Okutobala, makamaka inu a ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mbali mwa nyanja. Pukutaninso fumbi pa mafani musanaimbe mlandu manambala.

Achiwiri ndi a kukhala chete. Isiyeni kompyuta yoyaka usiku wonse osaipatsa ntchito, kugona kwa Windows mutazimitsa. M'mawa mukaipeza ili pamene munaisiya, mwapambana mayeso amene yanga inkalephera.

Achitatu ndi a kuyaka itazizira. Zimitsani, zulani kukhoma, dikirani mpaka m'mawa, yatsani. Iyake ulendo umodzi. Ikamayesa kangapo, kapena ikabwera ndi uthenga woti overclock yalephera, bwererani ku sitepe 8.

Zonse zikadutsa, tsegulani Command Prompt ngati administrator n'kulemba sfc /scannow kuti Windows ikonze mafayilo ake amene mwina anawonongeka pa kugwa konse kuja.

Kwa a Intel ndi a AM5

Njira ndi yomweyi, maina ndi amene amasintha. Pa Intel kuyambira Skylake mpaka 10th gen, monga 8700K ndi 9900K, mavolteji ake ndi VCCSA ndi VCCIO, amene mwa chikhalire ali pa 1.05V ndi 0.95V. Mabodi ambiri a Z370 ndi Z390 amawakankha mopitirira muyeso mukangoyatsa XMP, pamene DDR4-3600 nthawi zambiri imakhutira ndi 1.15V mpaka 1.20V pa onse awiri. Kumeneko ntchito imakhala yotsitsa. Pa 12th gen, purosesa zopanda K zili ndi VCCSA yokhomedwa, ndiye RAM ikakana pa Gear 1, pamene memory controller imathamanga mofanana ndi RAM, chotsalira ndi kutsitsa liwiro.

A AM5, soketi ya AMD yotsatira AM4, ndi DDR5 musatenge manambala a m'nkhani ino. Mu Epulo 2023 purosesa zina za Ryzen 7000X3D zinapsa mpaka kutupa, kuwononga ndi soketi yomwe, ndipo SoC yokwera kwambiri inali pakati pa nkhaniyo. AMD inaika malire a 1.30V kudzera mu BIOS zatsopano. Ngati bodi yanu ya AM5 ili ndi BIOS yakale kuposa nthawi imeneyo, isintheni musanayatse EXPO, imene ili ngati XMP ya pa AM5.

Sitepe 10: bwezerani purosesa, sungani zonse

Tsopano yatsaninso PBO, yesani tsiku limodzi. Kenako bwezerani Curve Optimizer, yesaninso, makamaka mayeso a kukhala chete aja. Musadabwe ngati manambala akale a Curve Optimizer akufuna kufewetsedwa pang'ono, popeza kutentha ndi kagawidwe ka magetsi mkati mwa purosesa zasintha. Vuto likabwera pano mukudziwa kale kuti lili ku ma core, ndipo SoC ndi VDDG musazikhudzenso.

Sungani zoikika zanu ngati profile mu BIOS, ndiponso pa fulashi ngati bodi ikulola. Koma profile yosungidwa pa BIOS ina nthawi zambiri imakana kutseguka pa BIOS yatsopano, ndipo kabatire ka CR2032 kakatha mphamvu zoikika zimabwerera za fakitale. Jambulani tsamba la ZenTimings ndi foni, ndipo mzere womaliza wa m'kope uja muulembenso pa kapepala n'kukamata ndi selotepi mkati mwa chitseko cha kompyuta, pamodzi ndi nambala ya BIOS ndi mwezi umene munayesera.